Foni yochokera ku America ikukana simu ya ku Lusaka: anaikhoma ndani?

Funso: Mlongo wanga amene amakhala ku America ananditumizira foni ya Samsung imene anaigwiritsa ntchito chaka chimodzi chokha. Ndikaiyatsa imayamba yaonetsa dzina la kampani ya kumeneko, ndipo ndikaikamo simu yanga ikupempha manambala oitsegulira. Mulinso mapulogalamu ambiri osafufutika. China chondidabwitsa n'chakuti iye Tecno ndi itel sanazimvepo, pomwe mafoni ena amene amatchula m'masitolo a kuno mulibe. Kodi amasankha ndani kuti foni yakuti ifike kwakuti? Nanga yangayi ndingoitaya? — Mayi wa ku Chilenje, Lusaka

Yankho: Musaitaye, mayi. Foni yanuyo sinafe, yangokhomedwa, ndipo kawirikawiri loko wotereyu amatseguka osalipira ngakhale ngwee imodzi, bola mlongo wanuyo achitepo mbali yake. Zoyenera kuchita ndizifotokoza, koma mafunso anu awiriwa, la loko ndi la Tecno, muzu wake ndi umodzi, choncho ndiyambire kumuzuko.

Wopanga foni maso ake sakhala kwenikweni pa munthu amene adzaigwire m'manja. Amakhala pa amene waima pakhomo la msika, uja woti akakana, foniyo siifika kwa ogula. Ku America woima pakhomoyo ndi kampani ya netiweki. Kuno ndi woitanitsa katundu, mwini sitolo ndi wokonza mafoni. Foni iliyonse imabwera ndi zizindikiro za amene anaitsegulira khomo, ndipo yanuyo yabwera nazo zonse.

Kumene kuli mlongo wanuko anthu ambiri sagula foni ndi ndalama zonse nthawi imodzi ngati mmene timachitira ku Town Centre. Amalowa m'sitolo ya Verizon, AT&T kapena T-Mobile, n'kutenga foni yodula atalipira zochepa kapena osalipira kalikonse, kenako mtengo wake umagawidwa pa miyezi 24 kapena 36 n'kumalowa mu bilu ya mwezi ndi mwezi pamodzi ndi zoimbira ndi intaneti. Ndiye kuti kasitomala wamkulu wa Samsung m'dzikomo si mlongo wanu. Ndi makampani atatu aja, amene amagula mafoni mamiliyoni pa oda imodzi. Wogula zochuluka chonchi salankhula mopempha. Amauza wopanga kuti foni ikamayaka izionetsa dzina lathu, muikemo mapulogalamu athu ndi a anzathu amene atilipira, ndipo muikhome kuti isalandire simu ya wina aliyense mpaka ngongole itatha. Lokoyo anaika ndi Samsung ndithu, koma anachita kutumidwa, ndipo kiyi ali ndi amene anatumayo.

Mphamvu imeneyi inaonekera poyera mu 2010. Samsung itatulutsa Galaxy S yoyamba, ku America foni imodziyo inagulitsidwa ndi mayina anayi: Captivate ku AT&T, Vibrant ku T-Mobile, Fascinate ku Verizon ndi Epic 4G ku Sprint, kampani ina ya netiweki imene inalipo nthawiyo. Maonekedwe anasiyananso, moti ya Sprint inali ndi mabatani olembera ochita kusolola kunsi. Ya Verizon ndiye inaonjeza: foni yoyendera Android, pulogalamu imene mwini wake ndi Google, inabwera ndi Bing ya Microsoft ngati pofufuzira zinthu, chifukwa Verizon inali itapangana ndi Microsoft. Samsung inapirira mpaka dzina lake litalemera, ndipo pofika 2012 Galaxy S III inalowa m'makampani onse ndi dzina limodzi ndi nkhope imodzi.

Apple yokha ndiyo inakana kuyambira pachiyambi. Pamene iPhone inatuluka mu 2007, Steve Jobs, mkulu wa Apple, anali atapangana ndi AT&T kuti iPhone izipezeka kwa iwo okha, koma pa thupi la foniyo pasalembedwe dzina lawo, asaikemo mapulogalamu awo, ndipo zosintha za foniyo zizichokera ku Apple mwachindunji. AT&T inavomera chifukwa inkafuna makasitomala a anzake, ndipo inawapezadi. Verizon inakhala yopanda iPhone mpaka 2011. Pofuna chobwezera, mu 2009 inanyamula foni ya Motorola yotchedwa Droid n'kuitsatsa mwamphamvu pa TV ndi paliponse, ndipo ndi pamenepo pamene anthu wamba a ku America anayamba kuidziwa Android. Mkangano wa makampani awiri a netiweki unathandiza kukweza chinthu chimene lero chili m'thumba la pafupifupi aliyense wokwera minibasi ya ku Chilenje.

Amene amakweza amagwetsanso. Microsoft inatulutsa foni ya achinyamata yotchedwa Kin mu 2010, Verizon n'kuimangirira ku bandulo ya pafupifupi madola 30 pamwezi, ndalama zimene achinyamatawo analibe, ndipo pasanathe miyezi iwiri Microsoft inalengeza kuti yaisiya foniyo. Amazon inapereka Fire Phone yake kwa AT&T yokha mu 2014, mtengo unagwa kuchoka pa madola 199 kufika pa masenti 99 kwa amene asaina pangano, ndipo kampaniyo inalengeza kuti yataya madola 170 miliyoni. Mafoni awiriwa anali ndi zofooka zawozawo, sindikuwaikira kumbuyo, koma kudzera khomo limodzi kunawafulumizitsa kumanda. Huawei nayo mu Januwale 2018 inali pafupi kulengeza kuti AT&T iyamba kugulitsa Mate 10 Pro, pangano n'kutha mwadzidzidzi andale a ku Washington atalowererapo. Foniyo inkapezekabe pa intaneti, koma m'dziko limene anthu amagula foni m'sitolo ya netiweki, kusapezeka mmenemo n'chimodzimodzi kusakhalapo. Mu 2019 boma la America linaletsanso Huawei kuika mapulogalamu a Google m'mafoni atsopano, ndipo zimenezo zinafika mpaka kuno: ambiri amene ankakonda Huawei anasiya atamva kuti Play Store mulibe.

Tsopano bwerani kwathu. Kuno pafupifupi tonse timalipiriratu: tokotaimu ya lero, bandulo ya sabata ino. Simu timagula ndi ndalama zochepa pa kantemba titaonetsa chitupa cha NRC, ndipo ambiri tili nazo ziwiri kapena zitatu, ya MTN, ya Airtel, ya Zamtel, enanso awonjezera ya Zed Mobile. Kampani ya netiweki singakugulireni foni yodula pamene ikudziwa kuti mawa mukaona bandulo yotchipa kwa mnzake musintha. Ndiye foni ndi yanu, simu ndi yawo, zinthu ziwiri zosiyana. Akuluakulu akukumbukira kuti Telecel inasanduka MTN mu 2005, Celtel inasanduka Zain mu 2008 kenako Airtel mu 2010, koma Nokia imene inali m'thumba inakhala yomweyo, palibe anabwera kudzaifunsa.

Pamene makampani a netiweki sanaime, panaima ena, ndipo amene anaona mpatawo msanga ndi kampani ya ku Shenzhen ku China yotchedwa Transsion. Tecno, itel ndi Infinix onse ndi ana ake. Inayamba mu 2006, ndipo pasanapite nthawi inasankha chinthu chimene anzake ankachiona ngati kupusa: kusiya msika wa kwawo ku China n'kuika mtima wonse pa Africa. Mlongo wanu sanaimve chifukwa siinapite kukagogoda kwa Verizon kapena AT&T. Inabwera kudzagogoda kwa oitanitsa katundu a ku Lagos, Nairobi, Dar es Salaam ndi Lusaka. Mu 2011 inatsegula fakitale ku Ethiopia, mafoni ake n'kumalemba m'zilembo za Chiamuhariki. Pofika 2017 inali itapitirira Samsung pa kuchuluka kwa mafoni ogulitsidwa mu Africa, ndipo masiku ano pafupifupi theka la mafoni amakono ogulidwa atsopano mu Africa ndi ake.

Tsiku lina mukaime pa kauntala ya mafoni ku Town Centre kapena mu Chachacha Road, mungomvetsera zimene ogula amafunsa. Palibe amafunsa dzina la purosesa. Mayi wogulitsa tomato kumsika wa Soweto amaitembenuza foni, n'kufunsa kuti imalowa masimu angati. Kenako, batire limakhala masiku angati malaiti akapita. Kenako amadzijambula pomwepo n'kuyang'anitsitsa ngati nkhope yatuluka bwino kapena yangoda bii. Chomaliza, sikirini ikasweka ipezeka, ndipo ndi zingati. Mnyamata wogulitsayo amangoloza kuseri, kumene mnzake wakhala ndi kabati yodzaza masikirini a itel ndi Tecno omangidwa ndi mphira m'mitolomitolo. Mafunso anayi amenewa Transsion inawayankha onse: masimu awiri pamene makampani akuluakulu ankazengereza, mabatire aakulu, kamera yokonzedwa kuti izijambula bwino khungu lakuda, ndi malo ake okonzera otchedwa Carlcare pamodzi ndi zipangizo zosasowa. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumasowa pafupifupi tsiku lonse m'makomboni ambiri, funso lachiwiri lija linaposa ena onse.

Musaganize kuti foni yotchipa ya kuno ilibe alendo osaitanidwa. Mukatsegula Tecno yatsopano mupezamo Boomplay, Palm Store ndi ena amene simunawapemphe. Phindu la pa foni yotchipa ndi lochepa kwambiri, ndiye wopanga amapezanso kena kake pa mapulogalamu oikiratu ndi pa zotsatsa malonda. Kusiyana kwake n'kwakuti yanuyo anadzazamo ndi a netiweki, pomwe ya kuno amadzazamo ndi wopanga mwiniwake. Ine zonse ziwiri sindigwirizana nazo, makamaka pa foni ya malo ochepa osungira zinthu, chifukwa wosauka ndiye amalandidwa malo ambiri.

Nanga mafoni amene mlongo wanu amatchula, bwanji kuno kulibe? Kuti foni igulitsidwe m'njira yake m'dziko muno pamafunika woitanitsa wovomerezeka, chilolezo cha ZICTA, bungwe la boma loona za mafoni ndi intaneti, chotsimikizira kuti mtundu wa foniyo ndi woyenera pa manetiweki athu, msonkho, malo okonzera, ndi zipangizo zosungiratu. Zonsezi zimalipidwa ndi madola, pamene wogula akubwera ndi kwacha imene mphamvu yake imasinthasintha. Dziko lathu lilibenso doko la panyanja ya mchere, katundu amachita kudzera ku Dar es Salaam kapena kubwera pa ndege kuchokera ku Dubai ndi Johannesburg. Wopanga akawerengera n'kuona kuti agulitsa mafoni ochepa, amangodutsa. Google sigulitsa yokha Pixel m'dziko lililonse la mu Africa, ndipo Apple ilibe sitolo yakeyake mu Africa monse, amagulitsa ndi ena amene anapatsidwa chilolezo. Ma Pixel ndi ma iPhone ambiri amene mumawaona mu Katondo Street analowa m'zikwama za apaulendo, ena atagwira kale ntchito ku UK, ku America kapena ku Japan. Aliyense amabwera ndi khalidwe la kwawo. Ena a ku Japan kamera yake imalira pojambula ngakhale mutatsitsa mawu. iPhone 14 ndi zotsatira zake zopangira msika wa ku America zilibe n'komwe polowetsa simu, zimafuna eSIM, simu yosagwirika imene imaikidwa m'foni ngati pulogalamu, choncho musanagule yotero funsani kaye kampani yanu ngati ingakupatseni.

Sikuti makampani athu a netiweki alibiretu mphamvu. Yawo ili m'mlengalenga. Foni iliyonse imamva mafunde ena ake, ena ayi. M'mayiko ambiri a mu Africa 4G imayenda kwambiri pa 1800 ndi 800 MHz, pamene ku America anazolowera 700, 1900 ndi ena. Samsung yodula imamva mafunde ambiri, ndiye ikatsegulidwa imagwira bwino kuno. Yotchipa yopangira kampani imodzi ya ku America ikhoza kugwira 4G pa Cairo Road koma n'kugwera pa 3G kapena kusowa netiweki mukangodutsa Chongwe kulowera ku Chipata. N'chimodzimodzi ndi 5G, imene MTN inayambitsa m'dziko muno mu Novembala 2022: foni kulembedwa kuti 5G pa bokosi sikutanthauza kuti igwira 5G ya kuno.

Palinso nkhani ya kuimba kudzera pa 4G, imene amati VoLTE. Kuti itheke pamafunika wopanga foni ndi kampani ya netiweki agwirizane, makonzedwe a netiwekiyo alowe m'foni. Panopa foni yopanda zimenezi imangotsikira pa 3G kapena 2G mukamaimba, inu osadziwa. Koma kumene anazimitsa 3G zinthu zinavuta. Ku America anazimitsa mu 2022, ndipo AT&T inatulutsa mndandanda wa mafoni amene iwalole, ena abwinobwino n'kutsala kunja. Ku Australia mu 2024 mafoni amene sakanatha kuimba nambala yangozi pa 4G anatsekedwa pa netiweki. Tsiku limene makampani a kuno adzayambe kuzimitsa manetiweki akale, mafoni olowa m'zikwama ndiwo adzayambe kulira.

Loko uja wa ku America wayamba kufikanso kwathu, wangosintha malaya. Ku Kenya mu 2020 Safaricom, mothandizana ndi Google, inayambitsa Lipa Mdogo Mdogo: munthu ankatenga foni ya 4G n'kumalipira mashilingi 20 patsiku, ndipo akalephera foniyo inkadzitseka yokha. Njira yomweyi ya foni ya ngongole mwaiona ikutsatsidwa muno mu Lusaka. Yathandiza anthu amene sakanakwanitsa kulipira kamodzi, ndipo sindiinyoza. Koma musanasaine, chulukitsani ndalama ya tsiku ndi masiku onse, muwonjezere ya poyambira, muyerekeze ndi mtengo wa foni yomweyo pa kauntala. Nthawi zina kusiyana kwake kumayandikira kaloba. Ndipo wina akakugulitsani foni yooneka yatsopano pa mtengo wodabwitsa, dziwani kuti ikhoza kukhala ya ngongole yosatha, yoti ikugwira lero koma sabata yamawa idzitseka.

Tibwerere ku yanu. Choyamba imbani *#06# pa foniyo. Patuluka nambala ya IMEI ya manambala 15, imene ili ngati NRC ya foniyo. Itumizeni kwa mlongo wanu, iye aimbire kampani imene anagulako kapena alowe pa tsamba lawo n'kupempha kuti aitsegule. Ngati anamaliza kulipira ndipo alibe ngongole ya bilu, makampani akuluakulu a kumeneko amatsegula kwaulere. Ena amatumiza manambala oti mulembe pamene foni ikupempha paja, ena amatsegulira komweko, inu kuno n'kungoilumikiza pa Wi-Fi ndi kuiyatsanso. Ndi bwino apemphe iyeyo, chifukwa akaunti ndi yake, inu sakudziwani. Podikira musamayese manambala ongopeka. Mukalakwitsa kangapo foniyo imauma, n'kufunanso nambala ina yachiwiri yovuta kupeza.

Mumufunsenso ngati anachotsamo akaunti yake ya Google ndi ya Samsung. Ameneyu ndi loko wina, wosakhudzana ndi netiweki, woteteza foni ikabedwa. Foni ikafufutidwa akaunti isanachotsedwe imapempha imelo ndi mawu achinsinsi a mwini wake woyamba, ndipo anthu ambiri amasokoneza maloko awiriwa n'kulipira wokonza kuti atsegule wolakwika.

Anyamata a mu Katondo Street adzakuuzani kuti bweretsani tiiflashe, kutanthauza kuikamo mwatsopano pulogalamu yoyendetsa foni. Ena mwa iwo ntchito amaidziwa kwambiri, koma mudziwe chimene mukugula. Yang'anani nambala ya mtundu wa foni mu Settings. Samsung za ku America zimathera ndi U zikakhala za kampani ya netiweki, kapena U1 zikakhala zogulidwa zosakhoma, pamene zobwera kuno m'njira yake zimathera ndi zilembo zina monga F, B kapena E. Wokonza waluso angathe kuika pulogalamu ya U1 m'foni ya U, ndipo dzina lija loonekera poyatsa limachoka pamodzi ndi mapulogalamu a kampaniyo. Koma zimenezo sizichotsa loko wa simu. Njira zina zachidule zochotsera lokoyo zimagwira mpaka tsiku limene foni idzalandire zosintha kapena kufufutidwa, basi wabwerera. Zina zimagwetsa chitetezo cha Samsung chotchedwa Knox, chimene chikagwa sichidzukanso, ndipo mapulogalamu ena a banki amakana foni yotero. Kwa wokonza muzipita mlongo wanu akalephera, osati asanayese.

Mapulogalamu osafufutika aja, ngati simukufuna kuflasha, ambiri amatheka kuwagoneka. Lowani mu Settings, pa Apps, sankhani pulogalamuyo, dinani Disable. Malo onse sabwerera, koma imasiya kudya bandulo ndi batire. Muyembekezerenso kuti zosintha za foniyi zizichedwa. Pa foni ya kampani ya netiweki zimachoka ku Google, kudzera kwa opanga tchipi monga Qualcomm, kufika ku Samsung, kenako kampani ya netiwekiyo iziyese ndi kuvomereza, ndipo mafoni ena akakhala kutali ndi netiweki ya kwawo amasiyiratu kulandira. Chinanso, Samsung zambiri za ku America polowetsa simu ndi pamodzi pokha, ndiye ngati munazolowera kuyenda ndi MTN ndi Airtel m'foni imodzi, muyambe kuganizira kuti ndi iti ikhale mmenemo. Sikirini ya Samsung yodula nayo mtengo wake ukhoza kugula itel yatsopano, choncho kava ndi galasi loteteza mugule musanayambe kuyenda nayo.

Kampani ikayankha kuti foniyo ikadali ndi ngongole, palibe chochitira kuno mpaka mlongo wanu amalize kulipira. Akangosiya osalipira, IMEI ija ikhoza kulowa m'kaundula wa mafoni oletsedwa, ndipo pamenepo kutsegula kumavuta kwambiri. Podikirapo foniyo igwiritseni ntchito pa Wi-Fi kapena pa MiFi: WhatsApp, Facebook ndi kamera zonse zigwira, nambala yotsimikizira WhatsApp mulandirira pa foni yanu yakale. Simu ndi ndalama za pa foni zikhale m'foni yakaleyo. Ndipo mlongo wanu akadzafuna kutumizanso ina, mumuuze kuti agule yosakhoma kuchokera kwa wopanga mwiniwake, atumize nambala ya mtundu wake musanavomere, ndipo muifunse kwa wokonza wa kuno ngati sikirini ndi batire lake zimapezeka mu Lusaka.